Mizere ya Choko pa Bafa la Malemu

Telala ndi munthu amene manja ake amathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Mukamupatsa moni, maso ake ayeza kale mapewa anu. Mukakhala pansi, wadziwa kale kuti buluku lanu likufunika kubweza m'chiuno. Mkazi amene anthu a mumsewu wake ankamutcha Nasingano anali wotero, ndipo chizolowezi chimenechi ndicho chinagwedeza ukwati wake kutatsala milungu isanu yokha.

Wodzamukwatira anali mphunzitsi, bambo wofatsa, woyankhula ngati akuyamba wawerenga mawu aliwonse asanawatulutse. Mkazi wake woyamba anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, n'kumusiya yekha m'nyumba ya zipinda zitatu. Nasingano yekha ndiye sanali yekha. Ankakhala ndi amayi ake, amene matenda anawapha ziwalo za mbali yakumanzere. Tsiku limene Mphunzitsi anamufunsira, iye sanazungulire.

"Mukatenga singano, mwatenga ndi ulusi womwe. Ine ndimabwera ndi amayi."

Mphunzitsi anati chipinda chilipo, chija choyang'ana kotulukira dzuwa. Chipinda chinalipodi. Vuto linali kosambira.

M'chipinda chosambiramo munali bafa lachitsulo, loyera, lalitali ngati bwato, la mtundu uja woti munthu adzazemo madzi n'kugonamo. Shawa munalibe. Kuti ulowemo unkayenera kukweza mwendo n'kudumpha mlomo wake. Nasingano anali atawayeza amayi ake: phazi lawo lakumanzere linkakwera mainchesi asanu ndi awiri, likafika pamenepo n'kuyamba kunjenjemera. Katatu konse anapempha kuti bafalo lichoke, paikidwe shawa yoti munthu azingolowa choyenda, ndi kampando pambali. Katatu konse Mphunzitsi anayang'ana pansi nati, "Tiona."

Amayi aja za zonsezi sankadziwa kanthu. Nasingano ankafuna adzawauze zinthu zitatha kale.

* * *

Lachisanu masana anatseka shopu yake msanga, natenga makatani atsopano amene anasokera nyumba ya Mphunzitsi. Kiyi anali naye, womangirira pa kachingwe kofiira. Mwini nyumba anali akadali kusukulu.

Atapachika makatani pabalaza, analowa kukasamba m'manja. Bafa linali phee, louma, lonyezimira ngati silinaonepo sopo. Tepi yoyezera inali m'khosi mwake monga mwa masiku onse. Sanaganize n'komwe. Anangozindikira kuti wagwada, tepi yatambasuka kuchokera pansi kufika pamlomo wa bafa. Mainchesi makumi awiri ndi awiri.

"Phiri ili amayi sangakwere," anadziuza.

Dzanja linalowa m'thumba n'kutulukamo ndi choko cha atelala, chija chabuluu, chaphwatalala ngati kasopo kotha. Pakhoma analemba pamene pangakhale chitsulo chogwirira. Pansi anajambula malo a kampando. Kenako, poti telala sasiya nsalu osaonetsa podula, anakoka mzere wodukizadukiza kuzungulira bafa lonse, n'kuika mtanda waukulu pamimba pake. Anajambula chithunzi pa foni kuti akafunse pulambala ngati mapaipi angalole. Maganizo ake anali oti akatero afufute zonse.

Foni inalira ikadali m'manja. Anali mayi woyandikana nawo nyumba.

"Fulumira. Amayi ako atsetsereka pampando. Sanavulale, koma ndekha ndikulephera kuwadzutsa."

Nasingano anakhoma chitseko n'kuyamba kuthamanga. Za choko anadzakumbukira m'mawa mwake, fungo la mafuta onunkhira a mkazi wina litalowa kale mushopu.

* * *

Malemu anasiya mng'ono wake, mkazi wosakwatiwa, wokongola mwaukali, amene Mphunzitsi ankangomutcha alamu. Nayenso anali ndi kiyi wake. Loweruka lililonse kwa zaka zitatu ankapita kukasesa, kuchapa, ndi kupukuta bafa lija mpaka linyezimire. Amiseche ankati mkazi sapukuta nyumba ya mwamuna zaka zitatu chifukwa cha ukhondo wokha.

Analowa osaodira, nakhala pampando wa makasitomala, nasanjikiza miyendo.

"Ndinamva kuti mumasoka bwino, mayi. Sindinkadziwa kuti mumadulanso nyumba za eni."

Nasingano anaimitsa makina. "Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ine si mlamu wanu. Muyambe mwalowa."

Anatulutsa foni naiika pamwamba pa nsalu imene Nasingano ankasoka. Bafa, mzere wabuluu, mtanda. Pachithunzi cha munthu wina mtandawo unkaoneka waukulu kuposa mmene iye anaujambulira.

"Ndimati ndifufute," anatero Nasingano.

"Kumene. Kufufuta ndiye ntchito imene mwabwerera. Makatani a achemwali anga ndawapeza m'katoni. Lero bafa. Mawa chithunzi chawo chapakhoma chija?"

"Amayi anga sangathe kulowamo. Nkhani ndi yokhayo."

"Ndiye achemwali anga atuluke kuti amayi anu alowe." Mlamu anamwetulira, nayang'ana zikhadabo zake. "Kodi anakuuzani kuti bafa lija ndi chiyani? Sanakuuzeni eti? Pepani. Pali zinthu zimene amangouza ife apabanja."

Mawu amenewo analowa ngati singano yolasa pansi pa chikhadabo.

"Aphunzitsi aona chithunzicho?"

"Ndawatumizira ndisanavule ndi nsapato zomwe. Ndi abale onse, kuti pasakhale wodzamva mochedwa."

Anaimirira. Pakhomo anacheukira diresi loyera limene linali pakhoma, lokutidwa ndi pulasitiki, m'munsi mwake mukadali mapini.

"Labwino. Koma musafulumire kulipinda."

* * *

Nasingano analembera Mphunzitsi uthenga: "Ndalakwa. Ndiloleni ndilongosole." Foni inaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere. Anasoka mkono wa malaya a munthu motembenuza, naphwasula, nausokanso motembenuza. Dzuwa litapendeka foni inanjenjemera.

"Mubwere kunyumba. Ndilipo."

Mubwere. Chiyambire chibwenzi chawo, bamboyo anali asanamutchulepo kuti inu. Nasingano ndiye ankamutcha Aphunzitsi, mwachipongwe chachikondi, iye n'kumayankha kuti iwe.

Anapeza chitseko chosakhoma. Pabalaza panalibe munthu. Mphunzitsi anali m'chipinda chosambira, atakhala pansi penipeni, msana kukhoma, maondo m'mwamba. Mizere inali momwemo.

"Ine choko ndimachidziwa," anatero osatembenuka. "Zaka makumi awiri chakhala m'manja mwanga. Changa chimachoka ndi kansanza kouma. Ichi ndayesa ndi chala, chikungopakika."

"Chimachoka ndi madzi ofunda. Ndipatseni kansalu."

"Chisiyeni."

Nasingano anaima pakhomo, chikwama m'manja, ngati mlendo wodikira kuuzidwa pokhala.

"Miyezi yake yomaliza ululu unali m'mafupa," anayamba Mphunzitsi. "Mankhwala ankagwira ola limodzi, kenako basi. Madzi ofunda okha ndiwo ankamupumitsa. Ndinkamunyamula n'kumuika umu, ine n'kukhala pano pamene ndakhalapa, n'kumamuwerengera zimangirizo za ana asukulu. Mwana wina analemba kuti akadzakula akufuna kudzakhala ng'ombe chifukwa siipita kusukulu. Anaseka mpaka madzi anatayikira pansi. M'nyumba yonse ino, malo amene ankasekamo anali ano okha." Analoza ndi chibwano. "Ndiye mwaikapo mtanda ngati yankho lolakwa."

Nasingano anaika chikwama pansi. "Bwanji simunandiuze?"

"Mukanafunsa."

"Ndinafunsa katatu. Katatu munati tiona. Tiona si yankho, Aphunzitsi. Mwana atakulemberani tiona pa mayeso mungamuchonge?"

Masiku ena bamboyo akanaseka. Tsiku limenelo anangopukuta chala chabuluu pa buluku lake.

"Titha kugula timasitepe toika pambali."

"Kukwera angakwere. Nanga kutsikira mkati, poterera, ndi mwendo umodzi?"

"Ndiziwanyamula ine. Ndinazolowera."

"Inu? Muzinyamula apongozi anu atavula? Amayi anga angalole kufa ndi litsiro."

"Ndiye beseni, kuchipinda kwawo."

"Zaka ziwiri akhala akusamba m'beseni ngati khanda. Msana wangawu ukudziwa. Dzulo agwa pampando wamba, pouma. Tsiku limene ndidzaterereke nawo umu, mudzakhala pansi pamenepo kuwerengera ndani?"

Mkazi amene ankayeza chilichonse, mawu amenewo anawatulutsa osayeza. Mphunzitsi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira khoma. Nkhope yake inali itatsekeka ngati chitseko.

"Alamu anandichenjeza kuti—"

"Alamu. Alamu akudziwa za bafa ili, ine ayi. Alamu ali ndi kiyi, amalowa tsiku limene afuna. Mukukwatira ine kapena iwo?"

"Iwo analipo. Anaona zonse."

"Ine kunalibe, ndipo si mlandu wanga. Sindikufuna kumuchotsa mumtima mwanu, akhale momwemo. Ndikungofuna malo oti amayi anga aimepo osagwa."

"Ndipatseni nthawi."

"Nthawi ndi milungu isanu. Popanda amayi sindilowa m'nyumba muno. Ndinanena tsiku loyamba, musadzati ndinakubisirani."

Anadikira. Mpope unali kudontha m'sinki, dontho limodzi, kenako lina. Mphunzitsi ankangoyang'ana bafa.

Nasingano anatulutsa kiyi wa kachingwe kofiira namuika pamlomo wa bafalo. Chitsulo chinalira pang'ono. Anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, kuti ngati munthu angafune kumuitana amupeze asanafike pageti. Palibe anamuitana.

* * *

Lamulungu foni inali duu. Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri madzulo, dzuwa lisanalowe, Nasingano anakhazika amayi ake pakampando m'kati mwa beseni lalikulu, nayamba kuwasambitsa kumsana.

Mayi ameneyu analera ana awiri yekha osapemphapo ndi mchere womwe kwa munthu. Matenda anamulanda mwendo ndi dzanja, koma lilime anamusiyira.

"Ukundikwecha ngati poto wopserera. Wakulakwira ndani?"

"Palibe, amayi."

"Aphunzitsi sanaimbe masiku atatu."

"Mukuwerenga?"

"Unafa ndi mwendo, mwana iwe. Makutu ali moyo."

"Ali ndi mayeso kusukulu."

"Mm. Bambo ako nawonso ankakhala ndi mayeso oterowo. Ena anatenga chaka."

Nasingano anaseka mosafuna, misozi n'kutulukira limodzi ndi kusekako. Anathira madzi msanga kuti amayi asaone. Powadzutsa anakulunga mikono m'khwapa mwawo, nawerenga mpaka katatu monga ankachitira nthawi zonse. Msana unamuluma pamalo pake pomwe paja. Amayi anamugwira phewa ndi dzanja lamoyo lija, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Ngati pali chimene ndiyenera kudziwa, ndimve kwa iwe."

"Palibe, amayi. Kwezani phazi."

* * *

Lachitatu, akusesa zidutswa za nsalu kuti atseke, foni inalira. Anaiyang'ana ikulira katatu asanayankhe. Kumbuyo kwa mawu kunkamveka hamala ikuswa simenti ya pansi.

"Nasingano. Uli pamalo poti ungamve?"

Uli. Anakhala pansi, tsache lili m'manja.

"Ndikumva."

"Dzulo nditaweruka ndinadzazamo madzi. Koyamba chimwalirireni iye. Ndinalowamo n'kukhala mpaka madzi anazizira. Ndimayembekezera kuti ndimva kanthu, mwina mawu ake, mwina chiyani kaya. Ndinangomva kuzizira. Mulibemo, Nasingano. Zaka zitatu ndakhala ndikulondera chitsulo."

Nasingano anatseka maso. "Mawu aja ndinanena aja, sanali oyenera."

"Sanali oyenera. Koma anali oona. Ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zina."

"Phokosolo ndi la chiyani?"

"Pulambala. Amuna anayi alitulutsa ndi thukuta, chitseko anachita kuchizula. Lili pabwalo, alivundikira. Mapaipi adula kale. Mkuluyu akuti mizere yako ndi yolondola kuposa ya anthu ena a ntchito yake, ndipo akufunsa ngati sukufuna ganyu."

Nasingano anaseka, dzanja lili pakamwa.

"Koma akuti saboola khoma asanaone mwini wake wa chogwiriracho ataima pamalopo. Ubwere nawo amayi mawa."

"Alamu adziwa?"

"Ndinawaimbira m'mawa ntchito isanayambe. Sanakangane nane. Abwera, aponya kiyi patebulo, apita."

"Sananene kanthu?"

"Angofunsa ngati amayi ako amakhala okha masana."

Tsache linagwa. Nasingano sanakumbuke ngati anatsanzika. Anakhoma shopu n'kuyamba ulendo, mwina kuyenda mwina kuthamanga, chimwemwe ndi mantha zikukankhana pachifuwa ngati anthu awiri pakhomo lopapatiza.

* * *

Chitseko cha kwawo chinali chotsegula. Patebulo panali makapu awiri a tiyi, imodzi ili ndi chizindikiro cha milomo yofiira. Amayi anali pampando wawo, atavala diresi lawo lapaulendo, nsapato zomanga bwino, mpango kumutu. Ndodo inali pamiyendo. Pambali pa mpando panali zikwama ziwiri zotseka.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kunabwera mlendo m'mawa. Mwana waulemu wake. Wandiphikira tiyi, wandithandiza kulongedza, wandimangira ndi nsapato zomwe."

"Wakuuzani chiyani?"

"Zimene unayenera kundiuza iwe dzulo, nditakufunsa." Mawu awo anali odekha, ndipo kudekhako ndiko kunkaopsa. "Tsiku lija unandiuza kuti ndikweze phazi, unati ukundiyeza siketi yapaukwati. Ine n'kumakweza, n'kumasangalala. Chikhalirecho ukuyeza kulemala kwanga kuti ukagumulire nyumba ya eni."

Nasingano anagwada patsogolo pawo. "Latuluka kale, amayi. Avomera okha, palibe wawakakamiza. Andiimbira pompano. Akufuna mupite mawa mukaone."

"N'chimene ndikunena. Mwamuna wazula malo a mkazi wake chifukwa cha mwendo wanga."

"Wachita mwachikondi."

"Lero. Chikondi cha lero ndachimva. Koma banja si lero lokha. Tsiku limene mudzayambane, poti mudzayambana, adzalowa kosambira n'kuona pamene panali mkazi wake pali kampando ka nkhalamba. Sadzanena kanthu, ndi munthu waulemu. Adzangokhala chete, iwe n'kumamva chetecho mpaka kukalamba. Ndipo ine m'mawa uliwonse ndizikaima pamene ankagona mwana wa eni, abale ake akulozerana kuti ndi uyo anatulutsa m'bale wathu. Ayi. Ndakhala wolumala zaka ziwiri, koma sindinakhalepo chifukwa cha misozi ya munthu."

"Mkazi ujatu akufuna ukwatiwu uthe. Simukuona? Akuwafuna yekha Aphunzitsi."

"Ndaona asanakhale ndi pansi pomwe. Ukuyesa ndine mwana? Koma njoka ikakuuza kuti denga likudontha, umayang'anabe kudenga. Wanama pati? Bafa silinali la malemu? Sanalichotse chifukwa cha ine?"

Nasingano anaika dzanja pa chikwama chimodzi.

"Ndaimbira achimwene ako. Anyamuka nthawi yomweyo, ali pafupi kufika. Ndikakhala kwa iwo."

Achimwene akewo ankakhala ulendo wa maola asanu, m'nyumba yam'mwamba yokwera masitepe, ndi mkazi amene sanabwerepo kudzazonda ngakhale kamodzi.

"Kumeneko akakusambitsani ndani? Akakudzutsani ndani mukagwa?"

"Ndikaona konko. Iwe kwatiwa."

"Ndinawauza Aphunzitsi kuti popanda inu sindilowa m'nyumba muja. Ndinanena pamaso pawo, kawiri."

"Ndiye ukabweze mawu."

"Sindingathe, amayi. Sindingagone m'nyumba muja inu muli kumasitepe."

"Ukapanda kulowa, ndiye kuti wamugumulitsa munthu nyumba pachabe. Wataya mkazi wake kachiwiri, ndipo sapeza kanthu. Usankhe wekha chimene ungathe kusenza."

Foni inanjenjemera m'dzanja la Nasingano. Anayang'ana ndi maso odzaza madzi. Unali uthenga wa Mphunzitsi: "Ndagula kampando koyera, kokhala ndi potsamira. Usawauze amayi, ndikufuna ndiwaonetse ndekha. Mubwera nthawi yanji?"

Panja galimoto inaima, injini osazima. Hutala inalira kawiri.

Amayi anakonza mpango wawo, natambasula dzanja lamoyo lija.

"Ndidzutse, mwana wanga."

Nasingano sanasunthe. Anali akadali chogwada, foni kudzanja limodzi, dzanja lina lili pa chikwama ngati angachiletse kuyenda.

"Ndidzutse," anabwereza amayi. "Kapena ndiyese ndekha?"

Ndipo anatsamira ndodo, phazi lakumanzere likunjenjemera pa simenti, nayamba kudzuka.